Mukufuna Mtundu Wanji?

Lolemba, 3 Malichi

Lero kuntchito kwagwa zake. Ndilembe msanga, chifukwa pofika mawa aliyense adzakhala ndi nkhani yakeyake.

M'mawa kunabwera mayi uja akumanga malo ogona alendo kuseri kwa siteshoni, kasitomala wathu wamkulu chaka chino. Anatsika m'galimoto ndi chivindikiro cha chitini m'manja. Ati buluu amene tinamutumizira si amene anasankha: iye akufuna wa thambo, ife tamupatsa wa yunifomu ya sukulu. Ine ndinali kuseri ndikutsuka makina osakanizira penti, manja onse girini. A Hutala, dalaivala wathu wa lole, anali pakhomo akutsitsa zitini. Ndiye ndi mawu awo osasowa maikolofoni aja anakuwa kuti, "Taitanani kamkaladi kaja! Zosakanizazi kanayambira m'mimba, sikangalakwitse."

Shopu yonse inafa nacho chiseko. A Keshiya mpaka kumenya pa kauntala. Inenso ndinatuluka ndikuseka, chisanza chili m'manja. Ndimaseka nthawi zonse. Pakamwa pamangotseguka pokha, ine ndisanafunsidwe.

Mayi uja sanaseke. Anaika chivindikiro pa kauntala, n'kuvula magalasi. "Bambo, mwati chiyani?"

A Hutala, poganiza kuti nthabwala sinamveke bwino, anabwerezanso. Mokweza. Ndi manja omwe, kusonyeza kutakasa.

Mayi anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Ana awiri, khungu ngati langa, tsitsi ngati langa. "Awa ndi ana anga. Tanenaninso."

Sindinaonepo munthu wamkulu akuphwa ngati tayala choncho. Panangotsala chipewa ndi nsapato.

A Tayi, manijala wathu, anatuluka mu ofesi akuthamanga ndi pepani mtolo wonse, koma mayi anati oda yonse iime kaye mpaka amve chimene kampani ichite. Za buluu sanakambenso.

Poweruka a Hutala ananditenga pa lole monga mwa masiku onse, poti timakhala mbali imodzi. Njira yonse osaliza hutala, munthu woti amalizira ngakhale chitsa. Ndikutsika anati, "Anthu a masiku ano alibe nthabwala, eti mwana wanga?" Ndinati eee. Kaya ndinavomera chiyani.

Lachiwiri, 4 Malichi

A Hutala awaimitsa ntchito. Mpaka Lachiwiri la sabata ya mawa, pamene Mayi Bwana, eni ake a shopu, adzabwere kudzamva mlandu. Makiyi a lole ali patebulo pa a Tayi ngati mwana wamasiye.

Chodabwitsa n'chakuti anthu akuyang'ana ine. Mayi uja anakalipa pamaso pa aliyense, koma nkhani yatembenuka kale. A Keshiya ndinawamva akuuza kalikuleta yawo kuti, "Ena amaseka nawo pagulu, kuseri n'kumakalira kwa mabwana."

Ndabwera pa minibasi. Ndinakhala pakati pa thumba la anyezi ndi bambo wina amene anagona paphewa panga ngati tinakwatirana.

Lachitatu, 5 Malichi

Shopu yasanduka tchalitchi. A Tayi anandilandira pakhomo: "Mwadzuka bwanji, mayi wolemekezeka?" Munthu woti sabata yathayi ndinali "iwe, tabwera". Andibweretsera mpando wozungulira wa mu ofesi mwawo kuti ndizikhalapo pa makina. Makinawo amafuna munthu ataimirira. Ndiye mpandowo wangoti nji pamenepo, ine n'kumaugunda ndi bondo tsiku lonse.

Koma vuto lalikulu ndi mawu akuti mtundu. M'shopu ya penti! Kunalowa bambo wina, a Keshiya n'kuyamba, "Mukufuna mtu..." Anandiyang'ana, n'kumeza malovu. "Mukufuna... maonekedwe otani?" Bambo uja anadziyang'ana malaya, n'kudzikonza kolala.

Kusakaniza nakonso kwaletsedwa, popanda wolengeza. Tsopano akuti kukumanitsa. "Achemwali, tatikumanitsireni woyera ndi wofiirira. Pepani, sindikutanthauza kanthu." Khadi la penti ija timaitcha Khofi wa Mkaka lasowa pa bolodi. Ndalipeza m'dirowa ya a Tayi, pansi pa sitampa.

Nthawi ya tiyi ndiye ndinatsala pang'ono kukomoka. Palibe amene anakhudza mkaka. Onse kumwa wakuda bii, nkhope zitakwinyika, mkaka uli phee pakati pa tebulo. Ine ndinathira wanga, n'kutakasa bwinobwino, supuni ikulira nge nge nge. Alonda athu anatsamwa.

Ulemu wotere ukulemera kuposa chipongwe chija. Kapena ayi. Sindikudziwa.

Lachinayi, 6 Malichi

Amayi azindikira. Ndinafika matope okhaokha, iwo akusita ovololo yanga ya mawa. "Kodi lole ija yafa?"

Ndinawafotokozera ngati sewero. Ndinatsanzira a Hutala, ndinatsanzira a Tayi, za mkaka ndinazikometsera. Amayi osaseka ngakhale pang'ono.

"Ndiye iwe unatani?"

"Ndinaseka."

"Unaseka."

"Amayi, ndi nthabwala za kuntchito."

"Ayamba liti kukutchula choncho?"

Ndinati chiyambire ine ntchito. Amayi anakhala pansi. "Ndipo ine n'kumawatumizira moni! Tsiku lina mpaka ndinawapatsa mapeyala!"

Ndiye inayambika mbiri ija ndimaidziwa pamtima. Bambo anga anabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja kudzamanga mlatho, mlatho utatha anawoloka. Anandisiyira mphuno, Amayi anawasiyira wailesi. Kuyambira pamenepo Amayi anakhala akuyenda nane ngati msilikali. Mayi wina m'basi anawafunsa kuti mwana wa abwana anu mukupita naye kuti, ambulera inathyokera pamsana pake. Mphunzitsi wina ankandiitana ndi dzina lomwe lija poitana mayina m'kalasi, ambulera ina inathera pa desiki yake. "Ine kunyowa ndi mvula zaka zonsezo chifukwa cha iwe, iwe n'kumakaseka!"

Ati mawa apita nane ku shopu. Ambulera ndaibisa pamwamba pa wadirobu.

Atatopa kukalipa ananena motsitsa mawu, osandiyang'ana, kuti, "Ine ndinkati ukadzakula zidzatha." Kenako tinamva fungo. Ovololo yanga tsopano ili ndi chidindo cha simbi pamsana.

Lachisanu, 7 Malichi

Katundu wa makasitomala waunjikana, dalaivala palibe. A Tayi anati ayendetsa okha, laisensi ali nayo. Laisensi mwina ali nayodi. Anabwerera m'mbuyo n'kukapsompsona geti, zitini za penti yoyera ya mafuta n'kugubuduka, bwalo lonse mbuu. Aliyense wotuluka m'shopu lero wasiya mapazi oyera mumsewu mpaka pa siteji. Wofuna kudziwa kumene timagulitsa penti angotsatira.

Masana anaitanitsa msonkhano. Mutu wake: Kulemekezana pa Ntchito. Ankawerenga pa foni, chala chili pagalasi. Kenako anati aliyense amasuke, anene dzina limene amatchulidwa koma samalikonda.

Anatsegula chisa cha mavu. Alonda anati iwo si Tulo, amangotsinzina kuti amve bwino. A Keshiya anati akudziwa kuti timawatcha Chenje Palibe, ndipo Mulungu akutiona. Wa m'sitoro anati kunenepa si tchimo. Anthu kulozana zala, wina kukumba za chaka chatha. A Tayi, pofuna kuzimitsa moto, anati, "Mwamwayi ine ndilibe dzina lotero."

Tonse tinayang'anizana.

Alonda anakhosomola. "Muli nalo, a Tayi."

Munthu uja anayang'ana pachifuwa pake. Tayi yofiira ija amavala ngakhale Loweruka potsitsa katundu. Anaimasula pang'onopang'ono n'kuipinda m'thumba. Khosi linaoneka lamaliseche, tonse tinayang'ana kumbali.

A Keshiya ndiye anapezerapo mpata. "Mwaonatu, tonse timanyozedwa. Nanga bwanji a Hutala okha ndiwo alangidwe?" Maso onse pa ine.

Yankho linandibwerera m'minibasi, monga mwa nthawi zonse. Abwana tayi yawo avula tonse tikuona. Nanga ine ndivule chiyani?

Loweruka, 8 Malichi

Kwabwera mlendo: akazi awo a Hutala. Mayi wamfupi, wachangu, bokosi lili m'manja. Amayi anawalandira ndi ulemu uja amapereka kwa anthu amene akufuna kuwadya.

Ndinkaganiza kuti abwera kudzalira. Ayi ndithu, abwera kudzadandaula. "Mwanawe, ndithandize, bambo aja abwerere kuntchito ndisanawaphe." Ati chiwaimitsireni sakhala pansi. Asanja mapoto motsatira msinkhu. Amasula chitseko cha bafa kuti achikonze, mpaka pano chili panja. Podutsa m'khonde amaliza hutala ya pakamwa, pi-piii, kuti mphaka apatuke. "Ndakhala nawo zaka zonsezi chifukwa masana amakhala kulibe."

Amayi mlomo unayamba kugwedera ndi chiseko, koma anaugwira. Mlendo anapitiriza.

"Komatu amakukonda. Kunyumba ukamva mwana wanga wa ku shopu, mwana wanga wa ku shopu. Tsiku lina ndinawafunsa kuti uti, anati kaja ka... ka..." Anaima. Anayang'ana denga. "Kaja kaulemu."

"Mmm," anatero Amayi.

Kenako mlendo anatsegula bokosi. Keke yophika okha, pamwamba atalemba PEPANI ndi shuga, I womaliza atatsetserekera m'mbali. Amayi anatenga mpeni n'kudula. M'kati mwake munali muja amasakaniza chokoleti ndi yoyera, mizeremizere yokhotakhota.

Tonse atatu tinaiyang'ana kekeyo. Mlendo uja anagwira pakamwa. "Mayo ine! Sindinaganize. Chokoleti chinandichepera!"

Amayi anaphulika. Anaseka mpaka kugwira khoma, misozi mbwe. Mlendo naye anayamba, theka kuseka theka kulira. Pomaliza anali atagwirizana kuti amuna onse anabadwa pakamwa pasanamangidwe zingwe, n'kupatsana manambala a foni. Koma powaperekeza ndinamva Amayi akuti, "Keke ndalandira. Amuna anuwo sindinawalandire."

Lamulungu, 9 Malichi

Keke yatha. Yambiri adya Amayi, ati kuti isawonongeke.

Lolemba, 10 Malichi

Ndawakalipira a Hutala pamsewu. Ine.

Ndinawapeza pa siteji m'mawa akundidikira, atavala jekete, ndevu atameta mpaka kudzicheka. Popanda lole amaoneka aafupi. Anavula chipewa. Ndinamva chisoni, ndipo mumtima ndinali nditawakhululukira kale, anangotsala kutsegula pakamwa.

Anatsegula.

"Mwana wanga, pepa kwambiri. Ine sindinadziwe kuti mayi uja ali ndi ana otero. Ndikanadziwa ndikanadikira achoke."

Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Ndinati, "Ndiye mukupepesa kuti anakumvani?" Anati ayi, si choncho, iwe ndi ine timamvana, sunadandaulepo. Ndinati ana a mayi uja ali pa chithunzi, sanamve kanthu, amene anamva ndine, amene ndakhala ndikumva ndine. Mawu anakwera okha. Wogulitsa nyuzipepala anasiya kugulitsa. Kondakitala wina anafunsa ngati ndi nkhani ya banja. Mayi wina wosadziwa chilichonse anakuwa kuti, "Muuzeni, achemwali, asazolowere!"

A Hutala anangoima, chipewa akuchizunguza m'manja ngati chiwongolero. Ndinakwera minibasi yolakwika chifukwa chofuna kuchokapo mwaulemerero. Ndafika kuntchito mochedwa, a Tayi n'kundipepesa iwo.

Mawa ndi mlandu. A Keshiya anandinong'oneza kuti, "Akakufunsani mudzangoti sizikuwawani, nkhani ithe. Munthu uja ali ndi zidzukulu." Ndikudziwa kuti ali nazo. Zithunzi zawo zili pagalasi la lole, ndimaziona tsiku lililonse.

Ndidzati sizindiwawa. Ndayeserera pagalasi, zikumveka bwino.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mayi Bwana anafika atavala masilipasi, ndodo ili m'manja. Anaima pa geti lopindika, anayang'ana bwalo loyera, anayang'ana khosi la a Tayi. A Tayi anayamba kutuluka thukuta.

Tinadzazana mu ofesi tonse. Mayi Bwana khutu limodzi silimva, ndiye anati a Tayi afotokoze mokweza chimene chinanenedwa. A Tayi anazungulira ngati galu wofuna pogona. "Ananena mawu ena ake okhudza... chiyambi cha mnzathuyu... pankhani ya kukumanitsa."

"Kukumanitsa ndani? Panali chibwenzi?"

A Keshiya analephera kupirira, anangowatchula mawuwo momveka mpaka panja, kenako n'kudzimenya pakamwa.

Mayi Bwana anatembenukira kwa a Hutala. Iwo anati ndi nthabwala chabe, amanditenga ngati mwana wawo, andinyamula pa lole mvula ndi dzuwa, nditadwala ndi iwo ananditengera kuchipatala. Zonsezo n'zoona.

"Amene munaseka tsiku limenelo, kwezani manja," anatero Mayi Bwana. Manja anakwera limodzilimodzi, la alonda lomwe, ngakhale ndikukayika ngati anali maso. Inenso ndinakweza.

"Iwe tsitsa." Anandilozetsa khutu lakumva lija. "Tandiuza. Zimakuwawa?"

Yankho ndinali nalo, lokonzakonza. Ndinatsegula pakamwa, n'kumva mawu anga akuti, "Eya."

Ndiye poti mlomo unali utandipereka kale, ndinapitiriza. Ndinati zimandiwawa tsiku lililonse. Ndinati ndimaseka kuti zithe msanga, chifukwa ukapanda kuseka amati ukudzimva. Sindinanene zambiri. A Hutala ankandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero china. Kenako anagwetsa nkhope. A Keshiya anayamba kufwenthera m'kathaulo kopukutira kauntala.

"Ndiwachotse?" anafunsa Mayi Bwana.

"Ayi."

"Chifukwa?"

Ndinafunafuna chifukwa chanzeru, chosakhudza zidzukulu kuti ndisalire. "Geti silingapirirenso a manijala."

Mayi Bwana anaseka mpaka ndodo inagwa. Atatola mpweya anagamula. A Hutala ili ndi chenjezo lomaliza, akadzabwereza asadzadikire kuuzidwa. Mwezi wonse m'mawa azigwira pa makina pansi pa ine, ndikati tsukani azitsuka, lole aziyendetsa masana. Lachisanu akapereke buluu woyenera kwa mayi uja n'kupepesa ndi pakamwa pawo, ine ndikhale mboni. Oda ikabwerera, ibwerere. Ikapanda kubwerera, adzakambirananso.

Potuluka anagogoda mpando wozungulira uja ndi ndodo. "Ichi chibwerere kwawo. Ndipo m'shopu mwanga muzifunsa anthu mtundu umene akufuna. Ndimagulitsa penti, osati maonekedwe."

Lachitatu, 12 Malichi

Wophunzira wanga wafika nthawi yabwino, atavala ovololo yosafika m'mapazi. Amandiitana kuti abwana. Ndawaletsa. Ndiye sakundiitana n'komwe, amangokhosomola.

Sitinalankhule zambiri. Ine ndikuchita manyazi, iwo akuchita manyazi, makina okha ndiwo akuyankhula.

Lachinayi, 13 Malichi

Manja oyendetsa lole sadziwa kadontho. Ndinati athire kofiira pang'ono mu penti ya kirimu ya bambo wina wa kampani ya alonda, iwo anaponda mafuta. Yatuluka pinki wa diresi la mwana. Ndowa yathunthu. Bambo uja anafunsa ngati tikufuna akuba azifa ndi chiseko.

A Hutala anayang'ana ndowayo nthawi yaitali. "Kodi sizibwerera?" Ndinati ayi, ikalowa yalowa. Anagwedeza mutu, n'kupita kukatsuka zitini ndisanawatume.

Buluu wa mayi uja ndasakaniza ndekha. Wa thambo weniweni.

Pa tiyi mkaka wayambanso kutha. A Keshiya anandisungira bisiketi, anaiika pambali pa kapu yanga. A Tayi abwera ndi tayi ina, yabuluu.

Lachisanu, 14 Malichi

Tinapita kwa mayi uja masana. A Hutala njira yonse ankayeserera chipepeso chawo chapansipansi, ngati mwana wa sukulu woloweza ndakatulo. "Mayi, ndabwera modzichepetsa..." Ankati akafika pa "modzichepetsa" n'kuiwala, n'kuyambiranso.

Pamalopo tinapeza amisiri ali pamakwerero, mayi uja ali m'kati pa foni. Pakhonde panakhala kamtsikana, ka zaka mwina zisanu ndi ziwiri, kamodzi ka pa chithunzi paja. Kanali ndi ndowa ya madzi ndi siponji, kakupukuta khoma mokwiya. Kanandiyang'ana ine kuyambira tsitsi mpaka nsapato, ine n'kukayang'ananso. Kenako kanatembenukira kwa a Hutala.

"Ndinu a lole amene munakwiyitsa amami?"

"Ndine, mama."

"Munati chiyani? Iwo akukana kundiuza."

A Hutala anandiyang'ana kuti ndiwapulumutse. Ine ndinayamba kuwerenga zolemba za pachitini ngati sindinazionepo. Thukuta linatsika m'chipewa. Munthu amene sasowa chonena ngakhale kwa apolisi a pamsewu anaima pamaso pa kamwana ngati mtengo wouma.

"Ndinalankhula zopusa, mama," anatero potsiriza. "Zoti munthu wamkulu sayenera kulankhula."

"Akupatsani chilango?"

"Andipatsa."

"Inenso. Ndinajambula hatchi pakhoma." Kanaloza. Inalidi hatchi, ya miyendo isanu. "Mukapepesa musamaseke, amakwiya kwambiri."

Mayi anatuluka. Ndakatulo yonse ija inali itauluka. A Hutala anangoti, "Mayi, ndinalakwa. Ndinalakwira inu, koma kwambiri ndinalakwira uyu." Sanawonjezere kuti koma. Ndinkadikira koma ameneyo, sanabwere.

Mayi uja anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ine ngati ndili bwino. Ndinati ndikuyesera. Anatsegulitsa chitini, anapaka pang'ono pakhoma pambali pa hatchi, anabwerera m'mbuyo. "Uyu ndiye." Za oda anati aimbira Mayi Bwana. Sanamwetulire, koma anatipatsa madzi akumwa.

Tinauyamba wobwerera. Titafika pokhotera kwathu, m'malo moima pamsewu paja amanditsitsa, a Hutala anakhota n'kukaimika lole pakhomo penipeni. Anazimitsa injini.

"Mayi ako alipo?"

Ndinati alipo, koma sindikuwalangiza. Ndinati aganizire zidzukulu. Anatsika basi, chipewa anachisiya pampando.

Amayi anatsegula chitseko, anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Lowani." Ine anandithamangitsira kukhitchini, ndi kumene ndikulembera izi, buku lili pamwamba pa furiji. Dzuwa lapendeka iwo akadali pabalaza. Mawu akumveka ndi a Amayi okha. Adutsa za mlatho, adutsa za m'basi, panopa ali pa mphunzitsi uja. A Hutala akungoti "Zoona, mayi," mwa apo ndi apo, ndipo kamodzi ndinamva akumina.

Kwangoti zii pang'ono. Ndinaganiza zokasuzumira ngati munthu akadali moyo.

Amayi aitana. Ati ndiike madzi a tiyi. Makapu awiri.